Mmene mungatetezere cat ya pikapu yanu kuti akuba asadule

Abale anga amene muli ndi ma bakkie kuno ku Joni, ngakhale inu a ku UK, tamvani izi. Mwezi watha mnzanga amene timagwira naye maganyu a zomangamanga anadzuka mmamawa kuti alize Hilux yake, kungotembenuza kiyi galimoto inabangula ngati thirakitala mpaka maneba kutuluka. Titagwada kusuzumira pansi tinapeza paipi ya ekizozi yadulidwa mbali ziwiri, modula mwake mosalala bwinobwino, waya wa sensa ali lende, tiufa ta chitsulo tili mbwee pa simenti. Catalytic converter, ija amakaniki amangoti cat, yapita.

Chimene akuba amachifuna si chitini chakunjacho ayi. Mkati mwake muli chinthu chokhala ngati chisa cha njuchi, chopakidwa platinum, palladium ndi rhodium, ndizimene zimatsuka utsi woipa usanatuluke. Mu 2021 rhodium inakwera mpaka kudutsa madola 25,000 pa ounce imodzi, golide kutsalira kutali, ndipo ngakhale mtengo unadzatsika ogula zakubazi alipobe. Chimandiwawa nchakuti platinum wambiri wa padziko lapansi amakumbidwa konkuno ku South Africa, cha ku Rustenburg uko, anthu kuvutika pansi pa nthaka, kenako wina nkudzangodula pa galimoto yako usiku umodzi.

Pikapu amaikonda chifukwa ndi yaitali, safuna jeke, munthu amangokwawa chagada ndi sowo ya batire, mphindi ziwiri zitatu wathana nazo. Ndiye nzeru yonse ili apa, mumuchedwetse. Wakuba akaona kuti pafunika mphindi khumi ndi phokoso lambiri amapita pa galimoto ina.

Choyamba ndipo chachikulu, tchingani cat yo ndi chitsulo. Pitani kwa anthu a ekizozi kapena owotcherera odziwa ntchito akuikireni chipuleti pansi, chomangirira ku chasisi osati ku paipi yokha. Koma muwauze aboole mabowo, cat imatentha kwambiri ndipo mukaitsekera yonse kutenthako kumabwerera ku galimoto, komanso asiye mpata woti makaniki afikire ma sensa ndi potulutsira oilo, apo bii sevisi iliyonse muzidzalipira yomasula. Ngati ndalama ndi yochepa, zitsulo za mawaya a konkire zija zimathandiza, awotcherere ngati khola kuzungulira cat ndi paipi ya kutsogolo ndi kumbuyo kwake, chifukwa wakuba amadula paipi osati cat yeniyeniyo. Ena amakulunga chingwe cha waya wa stainless kangapo nkuchikoleka ku chasisi, chimenechi chimavutitsa sowo chifukwa chimagwedera mpeni osagwira. Mabawuti akhale aja osamasuka ndi sipanala wamba, kapena angodontheza weld pamutu pake. Inu a ku UK a Toyota amagulitsa chotchingira chawo chotchedwa Catloc, funsani ngati chilipo cha galimoto yanu. Galimoto ikakhala idakali pa waranti funsani kaye musanawotcherere kanthu.

Kenako ikani chizindikiro. Lembani nambala ya VIN, ija ya zilembo ndi manambala 17, kapena nambala puleti pa cat penipeni ndi kamakina kozokotera, mupopere penti yosapsa ndi moto yowala ngati ya olenji, mujambule ndi foni. Sizimuletsa kudula koma akaunika ndi tochi amadziwa kuti katunduyu avuta kugulitsa. Ku England ndi Wales lamulo la 2013 linaletsa ogula zitsulo zakutha kulipira kashi, ndiye chinthu cholembedwa chimalondoleka.

Poimika galimoto napo. Ngati muli ndi galaja kapena mpanda lowetsani, musachite ulesi kuti ndidzuka mmamawa. Ngati mumaimika panja, fufuzani kaye mbali imene cat ili, mbali imeneyo muigundize kukhoma kapena pafupi ndi galimoto yaifupi, pakhale powala komanso pamene kamera ikuona. Ku ma mall ndi ku tchalitchi imikani pafupi ndi khomo, amaba ndi masana omwe atavala ma ovolosi ngati amakaniki, anthu kumangodutsa.

Za alamu samalani musataye ndalama. Alamu imene imalira galimoto ikapendekeka ndi yabwino pa galimoto zazifupi zofuna jeke, pikapu saikweza, ndiye inu mukufunika ya sensa yomva kunjenjemera, sowo ikangokhudza paipi ilire.

Palinso kuba kwina kwa chinunu. Mumasiya galimoto ku galaja yosaidziwa bwino, iwo nkung'amba cat, kukokolola zamkati, nkuwotchereranso, inu mumadzangodabwa nyale ya check engine yayaka ndi utsi ukununkha. Jambulani pansi musanaisiye, iwo akuona, ndipo mukaitenga yang'anani ngati pali weld yatsopano. A dizilo musamati sizikukhudzani, DPF, sefa ija yogwira mwaye mu ekizozi, nayo amadula ndipo ndi yokwera mtengo zedi.

Mukamva sowo usiku musatuluke nokha chonde, amayenda atatu anayi ndipo ena amakhala ndi zida. Yatsani magetsi, lizani alamu ndi rimoti muli mnyumba, imbirani polisi pa 10111, kapena 999 inu a ku UK. Akakuberani tengani case number ku polisi, inshuwaransi imafuna imeneyo, ndipo ndi ya comprehensive imene imalipira, third party yokha ayi, ndiye yang'anani pepala lanu lero lomwe. Galimoto yodulidwayo musayende nayo mtunda wautali, utsi umatulukira pansi pa kabini penipeni ndipo ungakukomoleni muli pa chiwongolero, tsegulani mawindo mupite nayo kwa a ekizozi apafupi basi.