Kusindikiza pa printa ya ku ofesi muli kutali: kakonzedwe ka print server

Muli ku Karonga kapena ku Nkhata Bay, koma kalata ikufunika ituluke pa printa ya ku ofesi ku Katoto, mu Mzuzu, kuti abwana asayine lero lomwe. Kale Google Cloud Print inkathandiza pa zotere, koma idatsekedwa kumapeto kwa 2020. Pano njira yodalirika ndi kuyika kakompyuta pambali pa printa kuti kazilandira ntchito zochokera pa intaneti. Kakompyuta kameneka ndi komwe amakatcha print server.

Kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi 4 (Pi mwachidule) kakukwanira, ndi memori khadi ya 16 GB, chaja yake ya 5V 3A ndi chingwe cha USB chopita ku printa. Laputopu yakale yoikidwa Ubuntu imagwiranso ntchito, ndipo batire lake limaiteteza magetsi akathima. Lumikizani ku rauta ndi chingwe cha netiweki, osadalira Wi-Fi.

Musanagule kanthu, yang'anani mtundu wa printa yanu, chifukwa ambiri amakodwa apa. Printa imafuna driver, pulogalamu yoilumikizitsa ndi kompyuta: za HP zambiri zimayenda ndi hplip, za Brother za leza ndi printer-driver-brlaser, za Epson za inki ndi printer-driver-escpr. Canon LBP2900 ndi zinzake zogwiritsa ntchito CAPT zimavuta pa Raspberry Pi, poti driver ya Canon idapangidwira makompyuta a mtundu wa Intel. Ngati yanu ndi imeneyo, tengani laputopu yakale ija.

Mukayika Raspberry Pi OS Lite, pulogalamu yoyendetsa Pi, pa terminal (polembera malamulo) lembani sudo apt update kenako sudo apt install cups. CUPS ndiye pulogalamu yoyendetsa mzere wa zosindikiza, ndipo imamvetsera pa port 631, khomo la pa netiweki lomwe ntchito zimalowera. Dzipatseni mphamvu zowongolera ndi sudo usermod -aG lpadmin dzina-lanu, kenako sudo cupsctl --remote-admin --remote-any --share-printers. Pa kompyuta ina ya mu ofesimo tsegulani https://adiresi-ya-Pi:631, pitani pa Administration, Add Printer, chongani Share This Printer, mupatse printayo dzina lalifupi lopanda mipata, mwachitsanzo Katoto1. Tulutsani tsamba loyesera. Likakanika muli pompo, musayembekeze kuti lituluka muli ku Rumphi.

Tsopano nkhani ya intaneti. Ena angakuuzeni kuti mungotsegula port 631 pa rauta. Musatero. Choyamba, intaneti ya SIM khadi kawirikawiri imadutsa mu CGNAT, kutanthauza kuti makasitomala ambirimbiri amagawana adiresi imodzi ya kunja, ndiye ngakhale mutsegule port palibe angakupezeni. Chachiwiri, zikatheka n'zoopsa: aliyense padziko akhoza kukumalizirani tona ndi mapepala usiku umodzi, ndipo mu September 2024 mudapezeka mipata mu cups-browsed, pulogalamu yothandizira CUPS, yomwe achiwembu akanatha kulowera nayo mu makina.

Gwiritsani ntchito VPN, njira yotetezedwa yolumikizira makina anu kudzera pa intaneti. Tailscale, yomangidwa pa WireGuard, imadutsa CGNAT popanda kukhudza rauta. Iyikeni pa Pi, lembani sudo tailscale up, mulowe ndi akaunti yanu, kenako muiyikenso pa laputopu yoyenda nayo ndi akaunti yomweyo. Pi ilandira adiresi yoyamba ndi 100, yomwe tailscale ip -4 ikuwonetsani. Pa tsamba la Tailscale pezani Pi yanu musankhe Disable key expiry. Mukaiwala, pakatha masiku 180 kiyi imatha, printa n'kungosowa popanda wodziwa chachitika.

Printa sidziwonekera yokha pa laputopu monga imachitira mu ofesi, chifukwa mauthenga odzilengeza a mDNS sadutsa mu VPN. Adiresi muilemba nokha. Pa Windows pitani pa Add manually, musankhe Select a shared printer by name, mulembe http://100.x.y.z:631/printers/Katoto1. Pa Linux ndi Mac yambani ndi ipp:// m'malo mwa http://. Mukalemba dzina la makina m'malo mwa manambala n'kulandira Bad Request, ndiye kuti CUPS sikulidziwa dzinalo. Lionjezeni pa mzere wa ServerAlias mu /etc/cups/cupsd.conf.

Chomwe chimapha makina otere ndi magetsi. Akathima Pi ili mkati molemba, memori khadi imawonongeka, choncho Pi ndi rauta zikhale pa UPS, batire lopatsa makina mphamvu magetsi akathima. Printa ya leza musaiyikepo: ikamatenthetsa fuser, chipangizo chomatira tona pa pepala, imakoka mphamvu zochuluka, ka UPS kakang'ono n'kulira n'kuzimitsa zonse. Printayo ithime basi, ntchito zidikire pa mzere. Kuti zituluke zokha magetsi akayaka, lembani sudo lpadmin -p Katoto1 -o printer-error-policy=retry-job. Mukapeza mzere utaimitsidwa, cupsenable Katoto1 imaudzutsa, ndipo lpstat -o imaonetsa zomwe zikudikira.

Chinyezi cha ku Mzuzu nachonso musachiderere. Mapepala ogona mu thireyi sabata yonse nyengo ya mvula amamatana, printa n'kukoka awiriawiri kapena kutsamwa, inu muli kutali. Siyani rimu mu pepala lake lokulunga, muziika ochepa okwanira tsikulo. Ndipo PDF yojambulidwa pa sikana muziyamba mwaichepetsa, 200 dpi imakwana pa kalata wamba, apo ayi bandulo ithera tsamba lachitatu lisanatuluke.