Kuti IRS, bungwe lotolera msonkho ku America, ikuwerengeni ngati katswiri wa za nyumba ndi malo

Mwafunsa chochita kuti ndalama zomwe mwaluza pa nyumba za lendi zichepetse msonkho wa malipiro anu. Njira yake ndi yakuti IRS ikuwerengeni ngati katswiri wa za nyumba ndi malo.

Choyamba, gwirani ntchito za nyumba ndi malo, monga kumanga, kugulitsa kapena kuyang'anira malendi, maola opitirira 750 pachaka. Maolawo aposenso theka la nthawi yonse imene mumagwira ntchito. Apa ndi pomwe olembedwa ntchito kwina amagwera. Maola a akazi kapena amuna anu saphatikizidwa pa mfundo ziwirizi.

Kenako onetsani kuti nyumba iliyonse mumaiyendetsa nokha. Maola opitirira 500 pachaka pa nyumba iliyonse amakwanira. Ngati nyumba n'zambiri, phatikizani pa fomu ya msonkho kalata yosankha kuti ziwerengedwe ngati imodzi.

Lembani maola tsiku lomwelo: deti, nyumba iti, ntchito yomwe mwagwira, monga kukonza mpope. Maola ongoyerekeza pambuyo pake, khoti la msonkho limawakana kawirikawiri.