Mliri ukayamba kuloza chala munthu: zoti muchite pamudzi panu

Mliri ukalowa m'dera, sabata isanathe mumamva kale dzina la amene akuti waubweretsa. Ine ndinali mphunzitsi wa mbiri yakale ku sekondale, pano ndinapuma, ndimalima kachewere kufupi ndi Lizulu ndipo ndine mlembi wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mwathu. Korona atafika mu Epulo 2020, chala chinaloza matchona obwera ku Joni ndi anzathu a kutsidya kwa msewu, poti kuno M1 ndiye malire athu ndi Mozambique. Kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, atavuta, chala chinatembenukira kwa alangizi a zaumoyo amene ankathira mankhwala m'madzi. Ndikulemba zimene ndaona kuti zimathandiza.

Yambani ndi kudziwa kuti bodzali ndi lakalekale. Mliri wa makoswe utasesa Ulaya kuyambira mu 1347, anthu anayamba kunena kuti Ayuda akuthira poizoni m'zitsime. Mumzinda wa Strasbourg, mu Febuluwale 1349, Ayuda mazanamazana anawotchedwa amoyo, mliriwo usanafike n'komwe mumzindamo. Papa Clement VI anali atalemba kale mu 1348 kuti Ayuda nawonso akufa ndi nthenda yomweyo, koma gulu lokwiya silinamve. Mu 2020 nkhani yomweyo inabwerera kudzera pa foni: ati Ayuda ndiwo apanga kachilomboka, ati akufuna kulemera ndi katemera. Anthu ankalowerera mapemphero a Ayuda ochitikira pa intaneti, pa Zoom, n'kumatukwana. Ku India analoza Asilamu. Ku America anthu ochokera ku Asia ankamenyedwa m'misewu. Ndipo ku Guangzhou, m'dziko la China, amene anathamangitsidwa m'nyumba za lendi ndi m'mahotela mu Epulo 2020 anali Aafirika, akhungu ngati lathuli. Mukamafotokozera anthu, musaiwale mfundo ya ku Guangzhouyi. Ndaona nkhope zikusintha munthu akamva kuti kwina wolozedwa chala ndi iyeyo.

Tsono uthenga woloza chala munthu wafika pa gulu la WhatsApp la mpingo kapena la banki m'khonde. Musautumize kwina, ngakhale n'cholinga chofunsa ngati uli woona, chifukwa amene mwamutumizirayo amva mawuwo, funso lanu saliona. Musamuchititsenso manyazi wotumizayo pagulu. Munthu wonyozedwa pamaso pa anzake amakakamira bodza lake kuti ateteze ulemu. Muimbireni, kapena pitani kwawo. Ine ndimayamba chonchi: "Achimwene, uthenga uja ndaumva. Kodi amene akulankhulayo mukumudziwa? Mudzi umene akunenawo ndi uti?" Kawirikawiri yankho limakhala lakuti "anangonditumizira". Pamenepo mupempheni kuti aufufute yekha ndi kulemba mzere umodzi kuti sanatsimikize. Zikachokera kwa iye mwini zimamveka kuposa adimini akafufuta mwaukali.

Koma kufufuta kokha sikukwanira, chifukwa mantha amene anabala mphekeserayo akadalipo. Anthu akufuna kudziwa chifukwa chake mwana wa uje wamwalira dzulo ali bwinobwino dzana. Ayankheni. Kolera amayenda m'madzi ndi m'zakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala, ndipo amatha kupha m'maola ochepa chifukwa thupi limatha madzi. Jambulani mawu aafupi m'Chichewa, osaposa mphindi imodzi, ndipo ngati n'kotheka alankhule ndi mlangizi wa zaumoyo amene anthu amamudziwa nkhope. Amene akukayikabe aimbe ku Chipatala Cha Pa Foni, adzifunsire okha.

Za mankhwala a m'madzi ndiimepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene mlangizi angaphedwe. Mlangizi asapite yekha pachitsime kapena pamjigo, ndiponso asapite m'mamawa kusanache. Apite masana, amfumu ali pompo, amayi otunga madzi akuona. Botolo la klorini lidutse m'manja mwa anthu, alinunkhize. Madzi akathiridwa n'kudikira theka la ola, woyamba kumwa akhale mlangiziyo, kenako amfumu, kenako ife a komiti. Kapu imodzi imeneyo imagwira ntchito yoposa msonkhano wa tsiku lonse.

Pamaliro ndi pamene mphekesera zimakulira, usiku pasiwa ndi kumanda adzukulu akukumba. Choncho kaonaneni ndi amfumu mwambo usanayambe. Apempheni kuti polankhula atchule nthendayo ndi dzina lake, ndi kunena poyera kuti m'mudzi muno palibe amene waitana imfayi. Akumbutsenso kuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Tonse tikukumbuka za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, kumene anthu osalakwa anaphedwa chifukwa cha nkhani imene palibe anaiona ndi maso.

Abusa, ansembe ndi mashehe auzeni mawu amodzi kuti Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu anthu amve zofanana. Ndipo kwa akhristu anzanga ndinene mosabisa: ambirife sitinakumanepo ndi Myuda, timangomva dzinali powerenga za masautso a Ambuye, choncho uthenga wonena kuti Ayuda ndiwo akupha dziko umalowa mosavuta. Yesu anali Myuda, amayi ake ndi atumwi onse chimodzimodzi. Mpingo wa Katolika unanena momveka mu 1965, pa msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, kuti imfa ya Yesu isaikidwe pamutu pa Ayuda onse, akale kapena a lero. Mlaliki amene akudziwa zimenezi asakhale chete uthenga wotere ukamazungulira pakati pa nkhosa zake.

Dzina la munthu likatchulidwa kale, nthawi yokambirana yachepa. Pitani kwa iyeyo tsiku lomwelo, anthu akuoneni mukulowa pakhomo pake. Ngati ndi wogulitsa pamsika amene anthu ayamba kumulambalala, kaguleni tomato pa benchi yake, mukhale pansi mucheze. Mayi wina wa kutsidya amene ankagulitsa nyemba anandiuza kuti chimene chinamupweteka kwambiri si mawu a anyamata, koma makasitomala ake akale kudutsa osamupatsa moni. Mukamva kuti anyamata akusonkhana, dziwitsani achitetezo cha m'mudzi ndi apolisi msanga, ndipo munthuyo akagone kwa amfumu kapena kwa abale usiku umenewo. Musayese kukangana ndi gulu lonyamula miyala muli nokha; itanani akuluakulu amene anyamatawo amawaopa, amalume awo enieni.

Lembani zonse m'kope: tsiku, malo, zimene zinanenedwa, amene analipo. Ayuda a ku Britain ali ndi bungwe lotchedwa Community Security Trust limene limalemba nkhanza iliyonse yochitikira Myuda ndi kupereka chiwerengerocho kwa apolisi ndi boma, ndipo anthu ochokera ku Asia ku America anayambitsa Stop AAPI Hate mu Malichi 2020 pa ntchito yomweyo. Ife kope la sitandade 5 likwanira. Mukapita nalo kwa agulupu, kupolisi kapena ku ofesi ya zaumoyo ya boma ku Ntcheu, sangakuuzeni kuti ndi nkhambakamwa chabe. Mayina a olozedwa chala musawaike pa WhatsApp. Akhale m'kopemo, ndipo kopelo lisungidwe ndi munthu mmodzi amene komiti yagwirizana.