Shopu yakana gift card ku Joni ati yatha nthawi, chitani izi

Tiyerekeze kuti pa till akuti gift card yanu (kadi yogulira zinthu yolipiridwa kale) ina expire koma chigulireni zaka 3 sizinathe. Musanayambe khalani ndi kadiyo komanso silipi, kapena SMS kaya imelo yosonyeza tsiku lomwe inagulidwa. Ngati inali mphatso mupempheni anakupatsaniyo silipiyo.

1. Werengani zaka kuyambira tsiku logulira. Lamulo la South Africa loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008 pa section 63, limati kadi yolipiridwa ndalama siitha mphamvu zaka 3 zisanakwane pokhapokha mutaimaliza ndalama zonse, ndiye zoti "12 months" zolembedwa kumbuyozo zisakuopseni.

2. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: onetsetsani kuti kadiyo inagulidwadi ndi ndalama. Ma voucher aulere a promotion aja sali mu section imeneyi, mukapita nawo mungokangana pachabe.

3. Ijambuleni kadiyo mbali zonse ndi foni, osaisiya kwa cashier olo anene kuti akaicheka.

4. Itanitsani manejala, wa pa till alibe mphamvu amangotsata zomwe makina anena. Tchulani section 63, akakana lembani dandaulo pa imelo ndipo akupatseni reference number, zapakamwa mawa adzazikana.

5. Masiku 15 ogwira ntchito akadutsa osakuthandizani, kadandauleni kwa Consumer Goods and Services Ombud, ofesi yomva madandaulo a ogula, ndi ulere ndipo fomu ili pa intaneti, muikepo zithunzi zija ndi nambalayo. Zikakanika kumeneko kuli National Consumer Commission, bungwe la boma loteteza ogula.