Fyuzi yokwera mtengo ikapsa mu ampulifaya, musathamangire kugula inzake

Fyuzi ndi kawaya komwe kanapangidwa kuti kazipsa magetsi akachuluka, n'cholinga choti thiransifoma ndi zina zam'kati zipulumuke. Mutu umauma ngati yomwe yapsayo ndi ya makampani monga Synergistic Research, Furutech kapena HiFi-Tuning, omwe amagulitsa mafyuzi apadera a makina a nyimbo, chifukwa ena mwa mafyuzi otere amaposa madola 100, pomwe wamba ya Littelfuse kapena Bussmann ndi ya ndalama zochepa kwambiri. Kuno ku Blantyre muwonjezerepo zotumizira, msonkho wa MRA ndiponso kuvuta kopeza ndalama zakunja.

Yambani mwazula pulagi kukhoma. Makina ambiri ali ndi kadilowa ka fyuzi kumbuyo, pomwe pamalowa chingwe cha magetsi, koma ngati fyuziyo ili m'kati mwenimweni, ntchitoyo musiyireni wokonza mawailesi, popeza tizipangizo ta m'katimo totchedwa ma capacitor timasunga mphamvu ngakhale makina atazimitsidwa. Onaninso fyuzi ya m'pulagi ya mano atatu, chifukwa nthawi zina yapsa ndi imeneyo.

Mukaichotsa, werengani pamalo owala timalemba tomwe tili pa tizitsulo ta kumapeto kwake. Mukaona T2AL250V, chilembo T chikutanthauza kuti imapirira kaye magetsi ochuluka omwe thiransifoma yaikulu imakoka poyatsa, 2A ndi malire ake, L ndi mtundu womwe kawirikawiri umakhala wagalasi, ndipo 250V ndi mphamvu yomwe ingathe kudula bwinobwino. Ya chilembo F imapsa msanga, moti mukaiika pamalo pa T mudzangotaya ndalama pakungodina batani. Yezaninso kutalika kwake, chifukwa pali ya mamilimita 20 ndi ya 32. Yoyera ya ceramic sioneka m'kati, choncho ndi chipangizo choyezera magetsi chotchedwa multimeter chokha chomwe chingakuuzeni ngati yadukadi.

Tsono chachikulu n'chakuti muike kaye fyuzi wamba ya manambala omwewo, yomwe mungafunse kwa ogulitsa zipangizo za mawailesi ku Limbe kapena m'tauni. Ikapsanso nthawi yomweyo, dziwani kuti matenda ali m'makinamo, ndipo yodula ikanapsanso chimodzimodzi. Musakweze nambala kuti isiye kupsa, ndipo zokulunga kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu musayese n'komwe, chifukwa zikatero chopsa chidzakhala thiransifoma kapena nyumba. Makina ochokera ku America amabwera atakonzedwera 120V. Akasinthidwa kuti azigwira pa 230V yathu, nthawi zambiri amafuna fyuzi ya theka la nambala yoyamba, ndiye tsatirani zolembedwa kumbuyo kwake.

Opanga mafyuzi odulawa amati amakometsa nyimbo, koma ine ndimaona kuti ndalamayo ingathandize kwambiri mutagulira chotetezera makina magetsi akabwera mwamphamvu atazima. Ngati mukuifunabe yodulayo, dikirani masabata angapo makinawo akusewera bwino ndi wamba, kenaka muitanitse ya chilembo, nambala ndi kutalika komweko.