Kukaonera mpira m'bala za m'makomboni a Lusaka: zoti Mmalawi adziwe asanakhale pansi

Loweruka masana, mukadutsa ku Kabwata, Chilenje, Kalingalinga kapena Matero, mumva phokoso la chigoli likutuluka m'bala imodzi n'kulandiridwa ndi ina kutsidya kwa msewu. Kwa Mmalawi wongofika kumene, malo amenewa ndi osavuta kupezako anzanu, chifukwa chinyanja cha mu Lusaka mumachimva ndipo nawonso amakumvani. Koma zambiri zimene zimaononga madzulo otere zimakonzedwa mpira usanayambe: magetsi, kalipiridwe ndi ulendo wobwerera kunyumba.

Nthawi ya Zambia ndi ya kwathu n'chimodzimodzi, kungoti kuno amawerenga maola mpaka 24, ndiye akati "16 hours" akunena 4 koloko madzulo. Masewero a Loweruka masana a ligi ya ku England amayamba 16:00 kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo miyezi inayo amayamba 17:00, chifukwa ku England amasintha mawotchi. Masewero ausiku a Champions League nawo amachoka pa 21:00 kupita pa 22:00. Awa ndi ofunika kuwaganizira bwino, chifukwa akayamba 22:00 amatha cha pakati pa usiku, pomwe bala zambiri za m'makomboni zimakhala zitatseka kale malinga ndi laisensi yawo. Funsani pakauntala nthawi yotsekera musanaitanitse chilichonse.

Funso lachiwiri ndi la magetsi. Mbali yaikulu ya magetsi a dziko lino imachokera kumadzi, ndipo chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, madera ambiri a Lusaka ankakhala mumdima maola ochuluka pa tsiku. Kuyambira pamenepo bala zambiri zili ndi jenereta kapena sola, koma kukhala nazo si kuzigwiritsa ntchito. Funsani ngati jeneretayo ili ndi mafuta, komanso ngati dekoda ndi kanema zili pa batire. Popanda batire, magetsi akathima dekoda imazima n'kutenga mphindi zingapo kuti idzukenso, ndipo zigoli sizidikira. M'nyengo yamvula, Novembala mpaka Marichi, mvula yamphamvu imadulanso chithunzi cha DStv. Pamenepo palibe wolakwa, musakalipire woperekera zakumwa.

Pa masewero akuluakulu, monga Arsenal ndi Manchester United kapena timu ya dziko la Zambia, Chipolopolo, ikamasewera, fikani kudakali ola lathunthu. Sankhani mpando wotsamira khoma, pomwe mukuona kanema ndi khomo lotulukira, osati panjira yopita kuchimbudzi. Ngati pali makanema angapo, funsani kuti mawu atsegulidwa pa masewero ati. Amene akufuna kuonera Flames kapena Nyasa Big Bullets alankhule ndi mwini bala kusanadzaze anthu, ndipo ayambe atsimikiza kuti masewerowo akuonetsedwa pa tchanelo chomwe balayo ili nacho.

Girini ndi Kuche Kuche musaziyembekezere. Kuno wotchuka ndi Mosi, kenaka Castle, Castle Lite ndi Black Label. Kumalo otsika mtengo kuli Eagle ndi Chibuku. Osamwa mowa sachita manyazi, zoziziritsa kukhosi ndi maheu zilipo. Botolo alitsegule inu mukuona, ndipo mukanyamuka musalisiye patebulo n'kudzapitiriza. Kachasu kapena mowa waukali wopanda chizindikiro chodziwika upeweni. Timapaketi ta tujilijili boma linatiletsa mu 2012 chifukwa cha mmene tinkaonongera achinyamata.

Pa ndalama ndi pamene mikangano yambiri imabukira. Lipirani nthawi iliyonse akakubweretserani, osati kusunga bilu mpaka kumapeto. Bilu ya tebulo la anthu asanu ndi mmodzi, itakhala maola atatu, imanyamula mabotolo a anthu amene anangodutsa kudzapereka moni, ndipo mlendo ndiye amatsala nayo. Mukagulira anzanu, tchulani chiwerengero momveka: "Mosi zinayi, za tebulo ili." Mukamva mtengo wa "ten pin", ndi K10, kawerengedwe kameneka kanatsalira pa ndalama zakale, asanachotse maziro atatu mu 2013. Nyamulani ndalama zing'onozing'ono chifukwa chenji imavuta usiku. Airtel Money ndi MTN MoMo amalandira m'malo ambiri, koma werengani dzina lotuluka pafoni musanaike nambala yachinsinsi, ndipo uthenga wotsimikiza muusonyeze pakauntala pomwepo. Woperekera zakumwa muitaneni mwaulemu wa kuno, "ba sister" kapena "ba boss", osati likhweru.

Kanyenya wa kuno ndi michopo, nthawi zambiri ya mbuzi, yootchedwa panja pa bala ndi anyezi ndi tsabola. Gwirizanani mtengo nyama isanakwere pamoto, ndipo idyeni ikadali yotentha. Chikanda chodulidwa m'tizidutswa chimayenda bwino ndi chakumwa chozizira. Nthawi yamvula samalani ndi saladi, madzi osatsekedwa m'botolo ndi madzi osambira m'manja a m'beseni limodzi. Kolera ya kumayambiriro kwa 2024 inakula mpaka bwalo la National Heroes linasandutsidwa malo ochizira odwala.

Kunyozana pa matimu n'kololedwa, ndipo Mmalawi adzasekedwa za Flames ndithu. Yankhani ndi chigoli cha Gabadinho Mhango chomwe anachinya Morocco mu Januwale 2022, ambiri amachikumbukira. Koma pali nkhani imodzi yosaseweretsa: ngozi ya ndege ya mu Epulo 1993 kufupi ndi Libreville ku Gabon, yomwe inapha timu ya dziko la Zambia. Chikho cha Africa cha 2012, chomwe Zambia inatenga itagonjetsa Ivory Coast pa mapenate mumzinda womwewo, kwa anthu akuno si mpira chabe. Ndale za zipani za UPND ndi PF asiyireni eni dziko, ngakhale akufunseni maganizo.

Za ulendo wobwerera, minibasi zimachepa kwambiri usiku ukamakula, choncho musadalire kuti mupeza ya ku Chelstone kapena Chawama mpira wa 21:00 ukatha. Itanani Yango (takisi yoitanitsa pa apu ya pafoni) kapena takisi yomwe mukuidziwa mudakali mkati, kutatsala mphindi khumi kuti mpira uthe, chifukwa ukangotha aliyense amaitana nthawi imodzi ndipo mtengo umakwera. Yerekezani nambala ya galimoto ndi yomwe ili pafoni musanalowe. Kuima pamsewu foni ili m'manja ndi kumene kumaitana anyamata olanda omwe kuno amawatcha majanki. Mukamwa musayendetse galimoto. Apolisi ndi a RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu, amatchinga misewu usiku, ndipo mlandu wotere ungakhudzenso chilolezo chanu chokhalira m'dziko. Yendani ndi chikalata chosonyeza kuti muli kuno movomerezeka, ndipo masiku omwe anakudindirani pa chipata cha malire cha Mwami muziwadziwa pamtima.