Mmene mungadziwire acheik yeniyeni musanatulutse ndalama

Acheik ndi nsalu ya silika ya ku Myanmar, kale ankati Burma, ija ya mizere yokhotakhota ngati mafunde, ena amati anatengera mafunde a mtsinje wa Irrawaddy. Yapamwamba kwambiri amaitcha luntaya acheik, luntaya kutanthauza timitengo 100 tonyamula ulusi, chifukwa kamzere kalikonse kamakhala ndi kamtengo kake. Nthawi ya mafumu a Konbaung, omwe ufumu wawo unatha mu 1885, inali ya kunyumba yachifumu, pano anthu amaivala pa ukwati. Vuto ndi loti zodinda pa mashini zadzaza msika ndipo patali zimaoneka chimodzimodzi.

Ndiye musamangoisirira kutsogolo, itembenuzeni. Yodinda kumbuyo kumakhala kotumbuluka ngati chitenje chotchipa, pomwe yolukidwa ndi manja mitundu imaonekera mbali zonse, ndipo mukayendetsa chala mumamva timizere totukuka pomwe ulusi wofiira wakolana ndi wachikasu. Apa mpamene pali umboni wonse. Olukawo amakhala awiri kapena atatu pa chipangizo chimodzi, amaluka mbali yokongolayo itayang'ana pansi, akafuna kuona ngati zikuyenda amalowetsa kagalasi kunsi, ndiye tizolakwika ting'onoting'ono sitilephera, mafunde ena amanenepako pang'ono. Ine ndikaona yowongoka bwinobwino paliponse ndimayamba kukayika.

Kenako inyamuleni, yeniyeni imalemerako. Mtengo nawonso umanena zoona, nsalu imodzi imatha mwezi kapena kupitirira ikulukidwa, wina akakuuzani mtengo wotsika kwambiri mudziwe kuti palibepo luntaya apo. Ngati mwafika mumzinda wa Mandalay ku Myanmar konko pitani ku Amarapura, ndi pafupi, kumeneko ndi kuchimake, kuli sukulu ya zoluka ya Saunders yomwe inayamba mu 1914, komanso mutha kuona okha akuluka. Munenenso kuti mukufuna htamein ya amayi kapena paso ya abambo, zonse ndi nsalu zovala m'chiuno ngati chitenje.

Mukagula musaiponye mu beseni ndi zovala zina ayi, ipititseni ku dry clean. Ikanyowa osafinya, yanikani pamthunzi, dzuwa limadya mtundu. Posita simbi ikhale yofunda chabe, muyale kansalu koyera pamwamba, ndipo posunga muziisintha mopindamo nthawi ndi nthawi kuti ulusi usathyoke malo amodzi.